Injini Isanalandire Turbo

Mwezi uno tilankhula za citsulo, oilo ndi utsi. Amai amene aona ngati nkhani yotere siiwakhudza tiwapempha kuti asafulumire kutsegula tsamba lina, pakuti ndalama zimene abambo amakasiya ku garaja zimacokera m'thumba lomwelo la ufa, sopo ndi fizi ya ana.

Pali liu limodzi limene masiku ano silicoka pakamwa pa anyamata a m'magaraja ndi eni magalimoto akale: turbo. Munthu akakhala ndi Land Cruiser kapena basi ya Coaster imene imafooka pa citunda, anzake amamuuza kuti, "Ikaniko turbo, mudzaona." Ndipo sanama ai, adzaonadi. Cimene samuuza ndi cakuti adzaona kwa miyezi ingati.

Ife amene tinakulira pafupi ndi cipala ca munthu wosula makasu sitivutika kumvetsa nchito ya cipangizo cimeneci. Makala akangosiyidwa okha amafuka cabe. Koma mwana akagwira mvukuto n'kuyamba kuvukuta, makala omwewo amayera, ndipo citsulo cimafewa ngati phula. Injini nayonso imadya zinthu ziwiri, mafuta ndi mpweya, ndipo siingatenthe mafuta ambiri koposa mmene mpweya wake ulolera. Turbo ndiyo mvukuto wa injini. Mkati mwake muli timawilo tiwiri ta mapiko, tomangidwa pa kacitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka mu injini umazunguza kawilo koyamba, ndipo kaciwiri kamakankhira mpweya watsopano m'masilinda. Kuzungulira kwake kumaposa ka 100,000 pa mphindi imodzi.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, anailembetsa kuti ndi yake mu 1905. Mu 1918 Sanford Moss wa kampani ya General Electric anakweza injini ya ndege pamwamba pa phiri la Pikes Peak ku America, mamita pafupifupi 4,300, kukaonetsa kuti injini yobanika cifukwa ca kucepa kwa mpweya wa kumapiri imabwezeredwa mphamvu yake ikapatsidwa turbo. Nkhani ya phiriyi itikhudza ifenso, pakuti dziko lathu lili pamtunda. Lusaka ili mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka ndi magawo ngati 14 mwa 100 poyerekeza ndi wa ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Injini yopanda turbo ikangofika kuno imakhala itataya kale gawo la mphamvu yake, ngakhale ikhale yatsopano. Amene anakwerapo mapiri a Manenekela pa mseu waukulu wa kum'mawa, galimoto itadzaza matumba, ili m'giya yaciwiri, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, sangaseke munthu wolakalaka turbo. Cilakolako cimeneco ndi comveka. Koma akulu anati walira mvula walira matope.

Titenge injini imodzi imene tonse timaidziwa ndi makutu, ngakhale ena sitiidziwa dzina. Toyota anayamba kupanga injini ya dizilo yochedwa 1HZ mu 1990. Ili ndi masilinda 6, kukula kwake ndi malita 4.2, ndipo mphamvu yake ndi makilowati 96. Ndiyo imene kwa zaka zoposa 30 yakhala ikunyamula odwala m'ma Land Cruiser a zipatala, a mamishoni ndi a boma, ndiponso apaulendo m'mabasi ambiri a Coaster. Inachuka cifukwa cosafa msanga. Caka comweco kampaniyo inatulutsanso mbale wake, 1HD-T, amene anabadwa ndi turbo ya ku fakitale. Ziwirizi poziona kunja ndi mapasa: bowo la silinda ndi mamilimita 94 konsekonse, pisitoni imayenda mamilimita 100 konsekonse. Koma ya turbo imatulutsa makilowati pafupifupi 120.

Kusiyana kwake kuli mkati. Mu 1HZ pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utsale m'gawo limodzi mwa magawo 22 a malo amene unali. Mu 1HD-T anacepetsa kupanikizako kufika pa 18.6, cifukwa mpweya umalowa uli wopanikizidwa kale ndi turbo. Mu 1HZ dizilo imapoperedwa m'kacipinda kakang'ono kamene kali m'hedi, ndipo moto umatulukira pa kakhosi kopapatiza n'kukawomba pamutu pa pisitoni, pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Mu 1HD-T kacipindako kalibe. Dizilo imagwera m'kambale kosemedwa pamutu pa pisitoni yeniyeniyo. Mapisitoni ake ndi ena, makonirodi ndi mapini ake ndi onenepa koposa. Tsono tiyeni tidzifunse: turbo ikanakhala cinthu congomangirira ndi mabawuti anai, akatswiri a ku Japan akanadzivutitsiranji kusintha zonsezi?

A Mercedes-Benz nawonso anacita cimodzimodzi pamene anatulutsa 300SD mu 1978, galimoto yaing'ono yoyamba ya dizilo kugulitsidwa ili ndi turbo. Anatenga injini yao ya masilinda 5 imene inalipo kale, koma anaikamo timipopi tothira oilo pansi pa pisitoni iliyonse kuti izizizira, analimbitsa kiranki, anakuzanso pampu ya oilo. Amene anayesa njira yacidule ndi a Oldsmobile ku America, ndi galimoto yao ya petulo yochedwa Jetfire mu 1962. Iwo anasiya kupanikiza kuli pamwamba, pa 10.25, nadalira botolo la madzi osakaniza ndi methanol kuti aziziziritsa moto. Eni magalimoto ankaiwala kudzaza botololo, galimoto n'kufooka. Inapangidwa zaka ziwiri zokha, zonse pamodzi zosakwana 10,000, ndipo zambiri anazicotsa turbo pambuyo pake.

Kuti timve katundu amene tikunena, tiwerenge m'matumba a cimanga. Mu 1HZ yabwino, mpweya wopanikizidwa wokha, dizilo isanayake n'komwe, umatsamira pa pisitoni imodzi ndi kulemera koposa matani 2. Amenewo ndi matumba 40 a makilogalamu 50, pa kamutu kocepa ngati pakamwa pa kapu. Turbo ikaonjezera theka lina la mpweya, matumbawo akwana 60, ndipo moto ukayaka amaculuka koposa apo. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, pisitoni iliyonse imalandira nkhonya imeneyi ka 25 pa sekondi. Katunduyo amatsika ndi konirodi, nafika pa mabeyaring'i ndi kiranki; kumwamba amafuna kunyamula hedi kuicotsa pa buloko. Zonsezo ziyenera kukhala zokonzeka mvukuto usanayambe.

Tidziwa bambo wina wa kwathu kum'mawa amene amadyetsa banja lake ndi Land Cruiser yakale, kunyamula cimanga, nshawa ndi anthu pakati pa midzi ndi boma. Anagula turbo yakale yocotsedwa pa galimoto ina, ndipo mnyamata wina anaimangirira m'masiku awiri, injini osaitsegula. Pomaliza anapotokolako sikuluu ya pampu kuti dizilo iziculuka. Kwa miyezi itatu galimoto ija inali nkhani ya pa siteshoni. Kenaka inayamba kumwa oilo, kufuka pa kapaipi kopumira, ndi kugogoda m'mawa. Inakathera kwa makanika wina wacikulire, ndipo ife tinaitanidwa kukathandiza kuwerenga buku la mipimo, pakuti linali la Cingelezi ca zilembo zazing'ono ndipo maso a mdalayo anali atayamba kutopa. Atacotsa hedi anationetsa pisitoni yong'aluka pamutu, pamalo pomwe paja moto umawomba. Mwini galimoto anayamba kunyoza turbo. Mdalayo anapukusa mutu nati, "Bambo, turbo yanu ilibe mlandu. Mwasenzetsa nkhalamba thumba la mnyamata."

Zimene tinaona m'milungu yotsatira ndizo tifuna kukufotokozerani, cifukwa ambiri amalipira nchito imeneyi osadziwa cimene ayenera kufunsa.

Buloko inavulidwa ciliconse mpaka inatsala citsulo cokha. Inatsukidwa, timisewu tonse ta oilo n'kupitamo kaburashi, pakuti kamcenga kamodzi kotsalira mmenemo kamakathera pa beyaring'i kapena mu turbo. Pambuyo pake inapita ku shopu ya makina, kumene amakanika amangoti ku injiniyaring'i, kukaifufuza ming'alu. Amathirapo utoto wolowerera kapena ufa wa citsulo pamodzi ndi maginito, ndipo mng'alu wosaoneka ndi maso umadzionetsa wokha ngati kamzere. Amene mugula buloko yakale yopakidwa penti watsopano, kumbukirani cikomekome ca mkuyu. Buloko yong'aluka pakati pa masilinda kapena pamene pamakhala kiranki siiyenera kuonongerapo ngwee ina.

Pamwamba pa buloko anagonekapo citsulo coongoka, nayesa kulowetsa pansi pake timasamba ta fila geji. Apa mipimo yake ndi ya tsitsi: kupindika kwa tsitsi liwiri kapena atatu n'kokwanira kupatsa moto njira yodutsira pa gasiketi. Mabowo a masilinda anapimidwa pamwamba, pakati ndi pansi, m'litali ndi m'lifupi, cifukwa silinda yakale simakhalanso yozungulira bwino. Imadyeka kwambiri kumwamba ndi kumbali kumene pisitoni imatsamira. Anagamula zokuza mabowo ndi theka la milimita. Apa mdalayo anaumirira pa cinthu cimodzi cimene ife tiona kuti ndi canzeru: mapisitoni atsopano agulidwe coyamba, apite nawo ku makina, ndipo bowo lililonse likuzidwe molingana ndi pisitoni yake. Kukuza mabowo coyamba n'kumakafuna mapisitoni pambuyo kuli ngati kusoka malaya mwini wake usanamuone. Pomaliza makoma a masilinda amakandidwa timizere topingasa. Munthu wosadziwa angaganize kuti nchito yaonongeka, koma timizereto ndito timasunga oilo ndi kuthandiza maring'i kukhazikika.

Pa maring'i m'pamene tinakhalitsa, ndipo m'pamene tinaona kusiyana kwa mmisiri ndi womangirira mabawuti. Ring'i ya pisitoni si mphete yathunthu. Ili ndi kampata pamene nsonga zake ziwiri zimayang'anizana. Citsulo cikatentha cimafutukuka, ndipo kampatako kamacepa. Injini ya turbo imatentha koposa, cotero ring'i imafutukukanso koposa. Kampata kakatha, nsonga zimagundana, ring'i imasowa kopita, ndipo imakanda khoma la silinda kapena kuthyola mlomo wa pisitoni. Cifukwa cake mdalayo anatenga ring'i iliyonse, naiika m'bowo lake, naikankha ndi pisitoni kuti ikhale moongoka, napima kampata. Imene inali yothina anaipala pang'onopang'ono ndi kafailo, napimanso, kusiya mpata wa kumtunda kwa mipimo ya m'buku. Maring'i a masilinda 6 anamutengera tsiku lathunthu. Mwini galimoto ankangoyang'ana dzuwa. Nchito imeneyi siioneka injini ikatsekedwa, ndipo n'cifukwa cake ndi imene anthu aulesi amayamba kuidumpha.

Za kiranki tidutsapo msanga. Inafufuzidwa ming'alu, inapalidwa ndi mamilimita 0.25, n'kugula mabeyaring'i a saizi yomweyo. Mpata wa oilo unapimidwa ndi kaulusi ka pulasitiki kamene kamaphwatalala ukamanga mabawuti; kufutukuka kwake ndiko kumanena mpata. Makonirodi anaonedwa ngati ali oongoka, ndipo mabawuti ake anagulidwa atsopano.

Gasiketi ya hedi ndiyo ina imene anthu amaipeputsa, namangopita kusitolo kukanena kuti, "Ndipatseni ya Land Cruiser." Pa injini imeneyi pisitoni ikafika pamwamba imatulukira pang'ono kupitirira buloko, ndipo magasiketi ake amapangidwa ocindikala mosiyanasiyana, iliyonse ndi cizindikiro cake m'mphepete. Ngati buloko yapalidwa pamwamba, mapisitoni amatulukira koposa kale. Motero ayenera kupimidwa onse, ndipo gasiketi isankhidwe monga mwa mpimowo. Yopyapyala kwambiri imaonjezera kupanikiza kumene tikufuna kuti kusakwere, mwinanso pisitoni n'kumapsompsona mavalavu. Mabawuti a hedi amamangidwa mwa dongosolo, kuyambira pakati kupita kunja, ndi sipanala yopima kulimba, kenaka amapotokoledwanso madigiri 90 kawiri. Pomangidwa cotero amatamuka ngati mphira, ndipo akale amene anatamuka kale sayenera kudaliridwa pa injini yolandira katundu watsopano. Hedi nayonso inafufuzidwa, ndipo tizipinda tija ta moto tinapezeka ndi ming'alu pa khosi, n'kusinthidwa tonse.

Turbo imakhala ndi moyo cifukwa ca oilo. Imafuna paipi yobweretsa oilo woyera, ndi ina yaikulupo yomubwezera ku sampu. Yaciwiriyi iyenera kutsetsereka bwino ndi kulowa pamwamba pa mlingo wa oilo, pakuti oilo amabwerera ndi kulemera kwake kokha. Pa galimoto ya bambo uja paipiyo inali yopindika ngati mcira wa nkhumba, ndipo oilo wosowa njira ankatulukira mu ekizozi. Rediyeta inatsukidwa, pampu ya madzi inasinthidwa. Zimenezi zilibe ulemerero, koma kutentha kumene turbo imabweretsa kuyenera kukhala ndi khomo lotulukira.

Tsopano tifike pa sikuluu ija ya pampu, imene ife tiiona kuti ndiyo inapha pisitoni. Anthu ambiri amaganiza kuti cimene cimaotca injini ya dizilo ndi mpweya wa turbo. Si conco. Mpweya woculuka umathandiza dizilo kupsa bwino, ndipo umaziziritsa utsi. Cimene cimaotca ndi dizilo yoculuka koposa mpweya umene ulipo. Utsi wakuda umene anyamata amaunyadira kuti ndi cizindikiro ca mphamvu ndi mafuta osapsa bwino, ndipo pamene ukutuluka, m'kati muli ng'anjo. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, citsulo cimene cimasungunuka pa madigiri 660, ndipo cimayamba kufooka kutali cisanafike pamenepo. Utsi wa injini yolemedwa pa citunda cacitali ungathe kupitirira madigiri 700. Pisitoni imapulumuka cifukwa oilo ndi mpweya watsopano zimaiziziritsa pakati pa nkhonya ndi nkhonya, koma kutenthako kukakhalitsa, mutu wake umagonja. Coopsa n'cakuti geji ya madzi pa dashibodi imakhala ikuonetsabe kuti zonse zili bwino. Cifukwa cake injini yotere imafuna geji ina, yopima kutentha kwa utsi usanalowe mu turbo, ndipo woyendetsa aphunzire kuti singano ikayandikira 700 acotseko phazi kapena atsike giya.  Pampu ndi manozo zinapita kwa akatswiri a pampu kukapimidwa pa makina, osati ndi khutu. Ndalama zikalola, kakhale konso karediyeta koziziritsa mpweya usanalowe mu injini, kamene amati intercooler, cifukwa mpweya wopanikizidwa umatentha.

Pa injini ya petulo zambiri mwa izi n'zofanana, koma mdani wake ndi wina: mafuta amaphulika okha mosalongosoka, injini n'kumalira ngati muli timiyala. Kumeneko kucepetsa kupanikiza ndi mapisitoni ena, ndi kukonzanso nthawi ya moto wa mapulagi, sikuthawika.

Tiyenera kunena mosabisa kuti ngakhale zonsezi zitacitika, 1HZ siisanduka 1HD-T. Tizipinda ta moto tilipobe, kupanikiza kwa 22 kulipobe. Cimene capezeka ndi injini yatsopano m'kati, yokhoza kulandira mvukuto wofatsa. Amakanika osamala ambiri amaimira pa theka la bar kapena kupitirirako pang'ono, ndipo kavalavu kotaya utsi wotsala, kamene amati wastegate, amakasiya kagwire nchito yake osakamanga ndi waya. Mphamvu yotere imabwezera zimene mtunda wa dziko lathu unalanda, n'kuonjezerapo pang'ono. Wofuna kupikisana ndi magalimoto atsopano akulakalaka cinthu cina. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inalandira mu 2023 injini ya malita 2.8 okha, masilinda 4, yotulutsa makilowati 150. Koma imeneyo inalingaliridwa ndi turbo kuyambira pa pepala, kupanikiza kwake ndi 15.6, ndipo dizilo yake imayezedwa ndi kompyuta. Tinenenso modutsa kuti turbo siithandiza potsika. Kilachi ndi mabuleki zimakhala zomwe zija, ndipo wotsetserekera ku mlatho wa Luangwa ndi katundu woonjezera adzazifuna koposa kale.

Mukatifunsa maganizo athu, tiyankha motere. Mwa ndalama zonse zimene bambo uja anataya, turbo ndiyo inali yochipa. Zazikulu zinapita ku mapisitoni, ku makina, ku pampu ndi ku masiku amene galimoto inaima osabweretsa kanthu. Munthu amene injini yake yafika kale pa nthawi yotsegulidwa, ndipo ali ndi mmisiri wokhala ndi zopimira, angathe kuimanga mwa njira imeneyi n'kupindula. Amene injini yake ikali yabwino ndipo nchito yake ndi ya m'midzi, m'mcenga ndi m'matope, ife tingamulangize kuisiya momwe iliri, pakuti kumeneko cofunika ndi kufika, ndipo 1HZ yopanda turbo imakonzeka ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Amene mphamvu ndi yofunikadi kwa iye awerengere bwino ngati kugula injini yathunthu ya turbo ya ku fakitale sikungamucepere. Koma amene ndalama zake zikwanira turbo yokha, agule matayala.

Injini ya bambo uja itatsekedwa, mdalayo sanaipereke tsiku lomwelo. Anaizunguza coyamba popanda dizilo kufikira nyali ya oilo itazima, kuti turbo isayambe nchito ili youma. Malangizo ake anali ocepa: makilomita 1,000 oyamba galimoto isasenze katundu wolemera ndipo isamangolira pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, kuti maring'i akhazikike, oilo ndi fyuluta zisinthidwe msanga pambuyo pake, fyuluta ya mpweya iziyang'anidwa kawirikawiri m'nyengo ya fumbi, cifukwa kawilo kozungulira liwiro lotero kamadyeka ndi mcenga. Ndipo akafika pamwamba pa citunda kapena pakhomo atayenda ulendo wautali, asazimitse injini nthawi yomweyo, koma aisiye ilire pang'onopang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu, kuti oilo asapserere m'kati mwa turbo yotentha. Sikuluu ya pampu anaipaka penti wofiira, kuti wina akadzaigwira adzadziwike.